Mano oikirira a agogo: akuti mkamwa mukuotcha ndipo malovu sakubwera

Nangozo_Ndix

Muli bwanji nonse. Ndithandizeniko maganizo pa nkhani ya agogo anga, mayi awo a amayi, timakhala nawo kuno ku Ndirande. Zaka zawo ndi za m'ma 70 ndipo mano akumwamba onse ndi oikirira, aja a pulasitiki okhala ndi kambale kophimba kumwamba konse kwa mkamwa, kumunsi anatsala ndi awo enieni angapo akutsogoloku. Anaikitsa kalekale ine ndili ku pulaimale ndipo zaka zonsezi kunalibe dandaulo, chimanga chootcha amakukuta bwinobwino kutiposa ife.

Koma chiyambire kutentha kwa Okutobala uyu nyimbo ndi imodzi, mkamwa mukuotcha, mkamwa mukuotcha. Chodabwitsa tiyi amamwa wamoto osaona vuto koma ndiwo zikangokhala ndi katsabola pang'ono olo mchere wokwanira bwinobwino akuti zikuwabaya. Malovu akuti sakubwera, mmawa akadzuka lilime limakhala litakakamira moti mawu satuluka mpakana amwe kaye madzi, nsima nayo akumachita kutsitsira ndi madzi mbamu iliyonse. Manowo ayamba kugwedera, polankhula amatsika okha, ku Mvano anasiya kuyambitsa nyimbo chifukwa cha zomwezi ndipo zikuwawawa mumtima ngakhale sanena. Mmbali mwa milomo namonso mwang'ambika, mukapola mbali iyi muyamba inayo.

Ndinawayeza ndi thermometer ija timayezera mwana, mkamwa inaonetsa kupitirira 37 pang'ono koma kukhwapa 36 ndi chakuti, ndiye ndasokonezeka, kodi pulasitiki ameneyu amatenthetsa mkamwa kapena ndi malungo akubwera? Amamwa mankhwala a BP mmawa ndi ena a usiku omwe anawapatsa chifukwa cha miyendo kuotcha. China, manowa sachotsa olo pogona, ukawauza amati imfa siuza munthu, iwo safuna adzapezeke ali chigwada opanda mano kkkk. Amene munasamalako achikulire a mano oterewa tiuzeni, ndi ukalamba chabe kapena tithamange nawo kuchipatala?

Mai_a_Tada

Pepani sisi. Apongozi anga ku Bangwe analinso nawo mano amenewa. Ife timawapangira madzi ofunda othira kamchere azichukucha mmawa ndi madzulo, zimathandiza ndithu. Manowo muziwaviika mmadzi owira muthiremo ka Jik majemusi onse afe, fungo limathanso. Ndipo mankhwala a BP aja amaumitsa kukhosi heve, nanga si munthu amangokodza, mwina apumireko kaye sabata imodzi muone ngati malovu abwerere. Milomoyo apake vaselini basi.

WaMano_BT

Achemwali a ku Ndirande, ine ndimagwira ntchito ya mano konkuno ku Blantyre ndiye ndiyankhe motalikirapo. Koma ndiyambe ndi a Mai a Tada, za madzi amchere ndi vaselini zili bho, koma ziwiri zinazo ayi chonde. Madzi owira amapinditsa mano oikirira, pulasitiki wake (timati acrylic) akamva moto amasintha shepu ndipo akangopindika sabwereranso, agogo adzangoona sakulowa. Ndipo BP musasiyitse munthu mankhwala panokha, stroko ndi yoopsa kuposa mkamwa mouma, wosintha mankhwala ndi amene anawalemba.

Tsopano funso lanu. Pulasitikiyo payekha satenthetsa thupi ndipo sabweretsa malungo. Chimene chimachitika ndi chakuti pansi pa kambale kaja pamakhala pofunda, ponyowa, mpweya sufika, malovu oyenda otsuka safikanso bwino, ndiye ngati munthu sachotsa usana ndi usiku zimakhala ngati phazi logonera mu jombo, linyetsu silichedwa. Mkamwa mwa anthu ambiri mumakhala kale fangasi wotchedwa Candida, amangokhala phee osavuta, koma akapeza malo ngati amenewa amaswana, amamatirira ku pulasitiki mbali yokhudza nyama ija, nyamayo imafiira. Mukawachotsa manowo pa dzuwa muyang'ane kumwamba kwa mkamwa, nthawi zambiri mumaona kufiira kojambula ndendende malire a kambale. Ambiri samva kuwawa nkomwe, ena ndi amene amati mukuotcha makamaka akadya za tsabola. Kung'ambika kwa mmbali mwa milomo kumayendera limodzi ndi zomwezi, makamaka mano akatha kapena nsagwada zikaphwa, milomo imapindikira mkati pakona paja nkumakhala ponyowa.

Nkhani yaikulu apa ndi malovu, ndipo anthu amawapeputsa. Munthu wabwinobwino amapanga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku, amachokera mu tiziwalo takutsogolo kwa makutu, pansi pa chibwano ndi pansi pa lilime, kuphatikiza ting'onoting'ono tambirimbiri ta mmilomo ndi kumwamba kwa mkamwa. Munthu akagona amatsika kwambiri, nchifukwa chake mmawa ndi mmene agogo akuvutika zedi, ndipo ngati amagona kukamwa yasa ndiye basi. Malovuwa amatsuka zotsalira, amapha tizilombo tina, amachepetsa asidi woononga mano, amafewetsa mbamu kuti imezeke. Komanso chimene chimagwira mano akumwamba kuti asagwe ndi malovu omwewo, kamadzi kochepa kokhala pakati pa kambale ndi nyama ndi kamene kamakoka. Kakauma manowo amatsika polankhula, amakhula nkhama, pamabwera zilonda. Ndiye kugwederako mwina ndi kuuma, komanso poti mwati anaikitsa inu muli ku pulaimale, dziwani kuti fupa limene munali mano limapitiriza kuphwa chaka ndi chaka pomwe pulasitiki ali chimodzimodzi. Mano otere pakatha zaka 5 mpaka 10 ambiri amafuna kuwaonjezera mkati kuti agwirenso, pena kupanga atsopano.

Ukalamba pawokha suumitsa mkamwa kwambiri monga anthu amaganizira, kawirikawiri olakwa ndi mankhwala amene achikulire amamwa, matenda a shuga, kusamwa madzi okwanira nyengo ino, fodya ndi mowa. Ndiye musangoti ndi ukalamba nkukhala pansi.

Zoti muyambe lero: usiku achotse, atsuke ndi sopo wamba wopanda perefyumu wambiri ndi mswachi wofewa wakewake, kolugeti ayi chifukwa amakanda pulasitiki ndipo mmikandomo ndi mmene fangasi amabisala. Mbali yamkati ija itsukidwe kwambiri kuposa ya mano yooneka, anthu ambiri amapukuta kunja kokha koonekera anthu. Akatsuka aike mu kapu ya madzi ozizira oyera, madziwo kusintha tsiku lililonse. Nkhama, lilime ndi kumwamba kwa mkamwa apukute ndi mswachi wofewa kapena kansalu koyera konyowa. Mano enieni akumunsiwo ndi amene afuna kolugeti wa fluoride kawiri pa tsiku, ndipo muwasamale zedi chifukwa mkamwa mouma mano amaola msanga cha kumizu, ndipo akatha amenewo mano oikirira akumunsi ndi ovuta kugwira kuposa akumwamba. Akadya chilichonse achotse atsukuluze.

Za Jik, ilipo njira yake yosungunula kwambiri ndi kuviika mphindi zochepa koma muyezo akakuuzeni amene waona manowo, ikachuluka imayeretsa pinki uja nkufooketsa pulasitiki, ndipo ngati pali mawaya achitsulo imadya. Mmafamase ena mumapezeka mapilitsi osungunula mmadzi otsukira mano amenewa, kapena mankhwala amadzi opha tizilombo otchedwa chlorhexidine.

Koma apite akaonedwe. Ku Queens kuli mbali ya mano, olo muyambire pa health centre yakwanuko akulemberani. Akapeza kuti ndi fangasi amapereka mankhwala ngati nystatin, ndipo pomwa kapena popaka manowo amayenera akhale atachotsa, apo ayi mankhwala sakhudza pamene pali vuto. Ndipo mukachiza nyama osatsuka pulasitiki zimabwereranso.

Mdala_wa_Chilomoni

Mdzukulu wanga, ine ndine mwini wake wa nkhaniyi, ndimavala akumwamba ndi akumunsi omwe ndipo ndakhala nawo nthawi yaitali. Zimene alemba a dokotala pamwambapa nzoona koma pali zina zoti wovala yekha ndi amene angakuuze.

Za tiyi zija usasangalale nazo kuti agogo ndi olimba. Kambaleka sikadutsitsa kutentha msanga, ndiye kumwamba kwa mkamwa kumene kumatichenjeza kuti ichi chatentha kumakhala kotsekedwa, umazindikira tiyi atafika kale kukhosi, phala la mmawa ndiye loipitsitsa chifukwa pamwamba limaoneka lozizira mkati muli moto. Ine ndinaphunzira kuyamba ndayesa ndi mlomo pa supuni. Agogo akowo mwina akhala akudziotcha pang'onopang'ono osadziwa, uziwapatsa tiyi atapolako ngakhale akalipe kuti wawapatsa madzi otsukira mbale. Ife achikulire tiyi wofunda timamuona ngati chipongwe, ndikudziwa.

Tsono zoti achotse usiku, apa pita mwaulemu. Inu ana mumaona ngati nkhani yaing'ono koma munthu ukachotsa mano nkhope imagwa, masaya amalowa, ukadziona pagalasi umaona munthu wina, ndiye mdzukulu akabwera nkumati agogo lavulani tione, ukuganiza avomera? Apezere kabigiri kapena kakontena kokhala ndi chivindikiro, kosaonekera mkati, kazikhala kumutu kwa bedi lawo, achotse okha magetsi atazima ndipo mmawa avale asanatuluke kuchipinda. Asamaike pa windo pomwe tidzukulu tingatenge nkumakaseweretsa panja. Ngati amagona ndi ana chipinda chimodzi ndiye vuto lenileni lili pamenepo, osati za imfa akunenazo. Ine kumaliro ndikagona komweko sindichotsa, sindinama, koma ndi usiku umodzi umenewo, kunyumba ndimachotsa.

Potsuka atsukire pamwamba pa beseni la madzi. Zinthuzi zikakhala ndi sopo zimaterera ndipo zikagwa pa simenti zimasweka pakati, mtengo wake masiku ano si wamasewera. Zikasweka asamate ndi super glue, mnzanga wina anatero, zinalumikizika mokhota ndipo okonza anamuuza kuti sizingakonzekenso. Asamakulunge mu tishu kapena mu kansalu akafuna kupumitsa nkhama masana, wosesa amataya.

Kumbali ya kuuma, ine miyezi ya chiperoni ndimakhala bwino koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa ndimayenda ndi kabotolo ka madzi mthumba, kumwa pang'onopang'ono osati kudikira ludzu, chifukwa ife ludzu sitilimva msanga ngati inu. Ndisanavale mmawa ndimayamba ndanyowetsa manowo ndi mkamwa momwe, amagwira bwino. Ndiwo ndimakonda za msuzi, therere ndiye mnzanga weniweni, nsima imatsika yokha. Bonya wouma wokazinga ndi chimanga chokazinga ndinazisiya, timinga take tikalowa pansi pa kambale umachita kuona nyenyezi. Nyimbo ku Mvano adzayambitsanso amenewo, manowo akangowagwiritsa.

NesiOpuma_Zingwangwa

Ndionjezepo za thermometer ndi mankhwala poti enawo anena kale.

Mwanawe, manambala wapezawo ndi abwinobwino. Kutentha kwa mkamwa mwa munthu kumakhala cha pa 37, ndipo kukhwapa kumaonetsa kotsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri, ndiye kusiyanako nkwachibadwa, si pulasitiki. Komanso ukayeza mkamwa munthu atangomwa tiyi kapena madzi a mufiriji nambala imanama, umayenera kudikira mphindi 15 mpaka 30, ndipo ayenera atseke milomo, chinthu chovuta kwa munthu amene mano akugwedera. Kwa agogo ingoyeza kukhwapa, kouma bwino, ikafika 37.5 kupita mtsogolo ndi pamene timati thupi latentha, pamenepo kayezetseni malungo. Ndipo thermometer imene yalowa kukhwapa kwa mwana usamaiike mkamwa mwa agogo usanaipukute ndi spirit. Kuotcha akunenako ndi mmene akumvera nyama yamkamwa, thermometer singakuonetse. Dziwanso kuti okalamba amatha kudwala kwambiri thupi osatentha nkomwe, ndiye ukaona akusokonezeka mutu, akugona kwambiri kapena kupuma mwabefu usadikire nambala.

Mankhwala, katenge kabuku kawo ka kuchipatala uwerenge maina. A BP amene ambiri amalandira kuno ndi HCT, aja okodzetsa, ndipo a miyendo kuotcha omwa usiku kawirikawiri amakhala amitriptyline, ameneyu ndi katswiri poumitsa mkamwa. Akaphatikiza ndi Piriton wogula pa okala chifukwa cha chimfine cha fumbi lino ndiye mkamwa mumauma gwa. Ukapita nawo ku kiliniki ya BP ukanene momveka kuti mkamwa mukuuma mpaka akulephera kudya, a dokotala amatha kuchepetsa mulingo kapena kusintha mtundu. Achikulire athuwa akafika pamaso pa dokotala amangoti ndili bwino, ndiye ulankhule ndiwe.

Chimene chandigwira mtima ine ndi ichi, miyendo kuotcha, mkamwa kuuma, fangasi, zitatuzi zikakumana mwa munthu mmodzi ndimafuna ayezedwe shuga. Kodi amadzuka kangati usiku kukataya madzi? Aonda? Kayezetseni, ndi kadontho kamodzi ka magazi pachala. Awaonenso kuchuluka kwa magazi, kuchepa kwa ayironi kapena vitamini B12 kumapangitsanso lilime kuotcha ndi milomo kung'ambika mmakona.

Ndipo uwauze agogo kuti kugona ndi mano sikungothera mkamwa. Ku Japan anachita kafukufuku pa okalamba a zaka 85 kupita mtsogolo, zotsatira zinatuluka cha mu 2015, anapeza kuti ogona ndi mano oikirira chiopsezo cha chibayo chinali choposa kawiri poyerekeza ndi ochotsa. Tizilombo ta pa pulasitiki timatsikira mmapapo munthu ali mtulo. Poti iwo akuopa imfa yowapeza opanda mano, mwina imeneyi aimva.

Maswiti musawagulire kuti abweretse malovu, shuga wake amadyetsa fangasi ndi kuoletsa mano otsalawo. Mankhwala ochukuchira okhala ndi spirit nawonso amaonjezera kuuma. Ngati amaika fodya kumlomo, monga amachitira agogo ambiri mobisa, ameneyo ndiye asiye.

Mai_a_Tada

Aaa zikomo a nesi ndi a dokotala, ife timangowiritsa eti, nchifukwa chake apongozi ankati mano afupika kkkk. Nanga guluu uja amagulitsa wopaka kuti mano agwire, ameneyo ndi wabwino?

Nangozo_Ndix

Zikomo kwambiri nonse, agogo a ku Chilomoni mwandiseketsa koma mwalasa, amagonadi ndi ana awiri a achemwali anga chipinda chimodzi. Ndawapezera kakontena ka chivindikiro ndipo anawo tawasamutsira pabalaza. Amayi ndi amene analankhula nawo, ine ndinangokhala panja, ndipo avomera kuchotsa. Amayi akuti kumwambako kwafiira psuu ndendende mmene kambale kamathera, ndipo mkati mwa manowo muli zoyera zomatirira zosachoka ndi madzi. Chinanso aona kachilonda kumbali ya nkhama komwe mphepete mwa pulasitiki mumakhudza, agogo akuti kakhalitsa koma sikawawa ndiye sananene. Mu kabuku mwalembedwadi HCT ndi amitriptyline, a nesi mwachita ngati munalipo. Za shuga sindikuona pomwe anayezapo chaka chino, ndipo usiku amadzuka pafupipafupi.

Tikufuna tipite nawo mkati mwa sabatayi. Aneba akuti tiwapake kaye GV pa kachilondako ndi mmilomo, tipake? Ndipo masana azivalabe kapena asiyiretu mpaka akaonedwe?

WaMano_BT

GV musapake musanapite, imadetsa paliponse buluu ndiye woyeza saona mtundu weniweni wa chilonda, imathimbiriranso pa pulasitiki. Kachilondako ndi kamene kandipangitsa kuti ndinene kuti musadutse sabata ino. Zambiri zotere zimakhala zokhulidwa ndi mphepete mwa mano ndipo tikapala pang'ono pamene pakukhudzapo zimapola, koma chilonda chilichonse cha mkamwa chimene chadutsa masabata awiri kapena atatu osapola, makamaka chosawawa kapena cholimba mmbali, timafuna tichione ndi maso ndi kuchigwira, chifukwa khansa ya mkamwa imayamba mwakachetechete chomwecho. Sindikuti ndi imeneyo, ndikuti akachione. Inu musapale nokha ndi mpeni kapena sandipepa.

Masiku ano avale pakudya ndi pakabwera alendo basi, nthawi ina yonse akhale mmadzi kuti nyama ipume. Popita mutenge manowo, kabuku, ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa ngakhale ogula okha ndi azitsamba omwe, chifukwa ena mwa mankhwala a fangasi monga fluconazole ndi miconazole sagwirizana ndi mankhwala ena, makamaka warfarin, aja oletsa magazi kuundana. Mulawire mmamawa mzere usanatalike, ndipo ngati mukufuna ayezedwe shuga tsiku lomwelo mufunse kaye ngati akufunika apite asanadye.

A Mai a Tada, guluu wa mano ogulitsa ku famase alibe vuto ngati mupaka timadontho tochepa ndi kumutsuka yense madzulo, pa mano ndi pa nkhama pomwe. Koma pa nyama yofiira kapena ya chilonda ngati ya agogowa ayi, ndipo ngati munthu akuchita kupaka kangapo pa tsiku kuti mano akhale ndiye kuti manowo akula, akufunika kukawaonjezera mkati.